Mutu 5: Kasefa Kamodzi M'kabotolo

1. Zotuluka m'ng'anjo

Ng'anjo inali itazirala kale pamene Weng Pei-shan anafika ku labu m'mawa umenewo. Kunyumba sanadye kanthu. Mkaka wa soya umene anagula panjira anangousiya pawindo, n'kuvala chovala choyera, n'kutsegula chitseko cha ng'anjoyo.

Tisefa take tinali titapsa bwino. Tinali ndandanda pa mbale yoyera, kalikonse kochepa kuposa njere ya mpunga. Munthu akanayetsemulira pafupi, ntchito ya chaka chonse ikanabalalika pansi.

Pei-shan anali m'chaka choyamba cha digiri yake yachiwiri pa sukulu ya zaumisiri mumzinda wa Tainan. Labu ya Aphunzitsi Tu, mmene iye ankaphunzira, inkadziwika ndi chinthu chimodzi, tisefa ta dongo toika m'mafoni ndi m'zipangizo za pa nsanja za mafoni.

Ntchito ya kasefa ndi kusefa mafunde. Mlengalengamu mwadzaza mafunde a mawayilesi, a ndege ndi a mafoni, ndipo aliyense anapatsidwa njira yakeyake. Kasefa kabwino kamalola mafunde a njira imodzi yokha kudutsa, ena onse n'kuwatsekera kunja.

Mafoni atsopano amagwiritsa ntchito mafunde afupiafupi kwambiri, oyezedwa m'mamilimita, ndipo m'kati mwa foni malo ndi ochepa. Choncho ophunzira a Aphunzitsi Tu ankatenga dongo laliwisi lopyapyala ngati pepala, n'kudindapo timizere ta siliva. Akatero ankasanjikiza mapepala adongowo, kuwatsindira, kuwadula, kenaka kuwawotcha m'ng'anjo.

Kampani ina ya ku Hsinchu inkafuna kasefa kochepa kuposa tonse timene labuyo inapangapo. Pei-shan ndiye anapeza nzeru. Anapinda timizere ta siliva tija, n'kutiyandikizitsa kwambiri, kena pamwamba pa kanzake. Pa kompyuta kasefako kanachepa ndi theka, ndipo kankasefa mochititsa kaso.

Tsopano nthawi yoyeza dongo lenileni inali itakwana.

Ananyamula kasefa koyamba ndi kapani, n'kukaika pansi pa galasi lokuza zinthu, n'kutsitsa tisingano ta makina oyezera. Pagalasi la makinawo pamatuluka mzere wobiriwira umene umakwera ngati chulu, n'kutsikanso. Chuluco chimayenera kukhala pakati pa mizere iwiri yofiira.

Chulu chinatuluka, koma chinali chitasunthira kumanzere. Phazi lake linali kunja kwa mzere wofiira.

Anayeza kasefa kena. Chimodzimodzi. Anapukuta tisingano, n'kuwunikanso makina, n'kuyambiranso. Kachitatu kanaipa kuposa tiwiri toyamba tija.

Anayeza m'mawa wonse osadzuka pampando. Mwa tisefa tonse tija, kamodzi kokha ndiko kanaimika chulu pakati penipeni pa mizere yofiira. Anakayang'ana nthawi yaitali.

Alendo a ku kampani anali oti afika mawa lake.

2. Malangizo a Achimwene

Ko Chun-hao analowa masana atanyamula makapu awiri a tiyi wozizira. Iyeyu anali wamkulu mwa ophunzira a mu labumo, ndipo ang'onoang'ono onse ankamutchula kuti Achimwene. Kasefa kake ndiko kampani ija inakakana chaka chatha, ati kakula kwambiri.

"Kamango!" anaitana motero, poti bambo a Pei-shan ankalima mango ku Yujing. "Bwanji nkhope yagwa ngati njinga yako aikoka apolisi? Landira tiyi. Ndawauza achepetse shuga, ndikudziwa kuti umanyada."

"Achimwene, tabwerani muone."

Chun-hao anaweramira pamakina. Pei-shan anamuonetsa chulu cha kasefa kalikonse. Nthabwala zinamuthera mnyamatayo. Anakoka mpando n'kukhala.

"Tonse?"

"Kupatula aka." Anamuonetsa kabwino kaja.

Chun-hao anayang'ana chulu chokongolacho, n'kuyamwa tiyi wake, kenaka anaseka.

"Ndiye ukulira chiyani? Kamodzi kagwira. Ndiye kuti nzeru yako ndi yolondola. Mawa tiwaonetsa kameneka."

"Nanga akafunsa za tinato?"

"Uwauze kuti n'tofanana. Si tonse tatuluka m'ng'anjo imodzi?"

"Limenelo ndi bodza, Achimwene."

"Aa, iwenso! Bodza lake liti? Tamvera. Mawa akungofuna aone ngati chinthuchi n'chotheka. Akakondwa, apita kwawo, akachita misonkhano yawo yosatha ija. Pofika nthawi yoti afune tambiri, padzakhala patapita miyezi. Ife tidzakhala titakonza mwakachetechete. Ukungonena lero zimene zidzakhale zoona kutsogoloku. Ukuganiza kuti malabu enawa amatani?"

Chun-hao anasendeza mpando, mawu ake n'kutsika.

"Ndikuuze zoona, mlongo wanga. Akakana kameneka, kampani itisiya basi. Ine digiri yanga yamangika pa ntchito yomweyi. Anzanga amene ndinayamba nawo anamaliza, akugwira ntchito, ena akwatira. Mayi anga anasiya kundifunsa kuti ndimaliza liti. Amangondiikira mpunga n'kumandiyang'ana. Ndiye iwe ukufuna ukaime pamaso pa alendo n'kunena kuti talephera?"

"Sindinatero."

"Nanga iweyo? Wayiwala amene ankakuseka pa msonkhano uja, amvekere mwana wa chaka choyamba angaphunzitse ndani kupinda mizere? Ukufuna uwapatse phwando?"

Apo ndiye anamukhudza pachilonda. Pei-shan ankakumbukira bwino kuseka kwa tsiku limenelo.

"Ndikawauza Aphunzitsi," anatero. "Zimene anene iwo ndi zomwezo."

"Munthu wangochitidwa kumene opaleshoni ya diso? Dokotala anati asamadandaule ndi kanthu. Pita, kawaphulitse disolo, tidzakuthokoza tonse."

Pei-shan anatenga kasefa kabwino kaja n'kukaika m'kabotolo kakekake. Tina tonse anatiika m'kabokosi, n'kutsekera m'kabati. Anatenga chipewa cha njinga yamoto n'kutuluka. Tiyi uja sanamukhudze.

3. Kwa Aphunzitsi Tu

Anamutsegulira chitseko ndi Mayi Tu, akazi awo a Aphunzitsi. Anamupatsa masilipasi, n'kumukokera pambali asanalowe pabalaza.

"Mwanawe, wachita bwino kubwera, akhala akukutchula. Koma chonde, ngati pali zovuta ku labuko, zisunge kaye. Dzulo magazi anakwera. Adokotala akuti diso likavutanso, basi sadzaonanso mbali imeneyo."

"Ndamva, Amayi."

Aphunzitsi Tu anali pampando wapadera, atawerama, chipumi chili pa katsamiro, nkhope ikuyang'ana pansi. Umo ndi mmene adokotala anawauzira kuti azikhalira mpaka diso lipole. Pei-shan ankangoona imvi za pankhongo pawo.

"Ndi Pei-shan ameneyo? Ndazindikira mayendedwe. Khala apa. Masiku ano anthu ndikuwadziwira ku mapazi. Mayi, mpatseni magwafa aja mwanayu. Tsono tandiuza, ng'anjo yatipatsa chiyani? Ine sindingawerenge kanthu. Ukhale maso anga. Chulu chikuoneka bwanji?"

Pei-shan anaganiza zoyamba ndi nkhani yabwino, kuti yoipayo ibwere pambuyo. Anafotokoza za kasefa ka m'kabotolo. Anati chulu chili pakati penipeni, pamwamba pake n'posalala, m'mbali mwake n'motsetsereka ngati khoma.

Aphunzitsi anamenya bondo ndi dzanja.

"Ee! Ndiye kuti nkhalambane ndinalakwa. Paja ndinkakuletsa, ndimvekere mizereyo wayandikizitsa kwambiri. Mayi, mwamva? Mwanayu wandigonjetsa!"

Pei-shan anatsegula pakamwa kuti apitirize, koma Aphunzitsi anali asanamalize.

"Komabe ndikuuze chifukwa chimene ndinkakuvutitsira, kuti usamati Tu ndi munthu wamantha chabe. Dongo la m'kompyuta silipsa, mwana wanga. Limakhala mmene walijambulira. Koma dongo lenileni likalowa m'ng'anjo limachepa, ndipo silichepa mofanana. La pakati limachepa mwake, la m'mphepete mwake. Mizere ikakhala yotalikirana, kusiyana kumeneko sikuvuta. Ikakhala yothithikana, kusuntha kochepa kuposa tsitsi kumakankha chulu chonse. N'chifukwa chake wojambula kasefa amayenera kulisiyira dongo malo olakwira."

Anapuma pang'ono, n'kupempha madzi. Mayi Tu anawamwetsa ndi kapaipi.

"Tsono umadziwa chimene chili kumanzere kwa mzere wofiira uja? Ambiri amaganiza kuti ndi mzere wa mayeso chabe. Kumeneko kuli njira imene munthu aliyense saloledwa kuyankhulamo. Nthunzi ya madzi imene ili mlengalenga imatulutsa timafunde take tofooka kwambiri, ngati kunong'ona. Masetilaiti a zanyengo amamvetsera kunong'ona kumeneko, ndipo n'kumene kumawathandiza kudziwa kumene namondwe akusonkhana, ndi kumene alowere. Kasefa kakamataya mafunde kumanzere, zili ngati munthu akukuwa m'chipinda mmene anzake akumvetsera kunong'ona. Chipangizo chimodzi si kanthu. Koma kampani sipanga chimodzi. Imapanga zodzaza mizinda.

"Bambo ako ku Yujing amadziwa bwanji kuti athyole mango msanga mphepo isanafike? Asodzi a ku Anping amadziwa bwanji kuti lero boti lisachoke padoko? Amamvera zanyengo. Anthu amenewo sadzaliona n'komwe dzina lako. Sadzadziwa kuti kuli kanthu kotchedwa kasefa. Koma akudalira kuti iwe, uli wekha mu labu popanda wokuona, unayeza moona."

Pei-shan anali atagwira chidutswa cha gwafa. Anachibwezera m'mbale.

"China ndi ichi," anapitiriza Aphunzitsi. "Aliyense amene anawotchapo dongo amadziwa kuti m'ng'anjo mumatuluka kasefa kamwayi. Ngakhale kajambulidwe katakhala kolakwika, kamodzi kamagwera pabwino mwangozi. Kameneko n'koopsa kuposa toipa tonse, chifukwa kamakunyengerera. Ndaona anyamata anzeru akunyamula kamodzi koteroko kupita nako kwa makasitomala. Ena mwa iwo lero sali pa ntchito ino, ndipo palibe amene amafuna kumva maina awo. Kulephera si mlandu. Ine ndalephera kambirimbiri, ndipo ndikadali pano. Chimene anthu sakhululuka ndi kuwabisira. Wandimva?"

"Ndamva, Aphunzitsi."

"Chabwino. Tsono wayeza tonse?"

"Tonse, Aphunzitsi."

"Ndipo tonse tili mmene wafotokozeramo?"

Pei-shan anakweza maso. Mayi Tu anali chiimire kuseri kwa mpando, dzanja lili paphewa la amuna awo, akumuyang'ana mopempha. Aphunzitsi anali chiweramire, akudikira. Sakanatha kuona nkhope yake.

"Eya, Aphunzitsi," anatero. "Tonse."

"Basi, lero ndigona tulo," anatero Aphunzitsi. "Bambo ako ndidzawaimbira ndekha, ndiwauze mwana amene anabereka."

Potuluka, Mayi Tu anamupatsa magwafa ena m'kathumba, n'kumuthokoza kawiri konse. Pei-shan anakwera njinga yake, koma anaiwala kumanga chipewa mpaka woyendetsa basi wina anamuimbira hutala n'kumuloza kumutu.

4. Alendo a ku Hsinchu

M'mawa mwake alendo anafika awiri. Wamkulu anali Mayi Hsieh, amene ankayang'anira zopangapanga ku kampani ija. Anali mayi wamfupi, watsitsi lometa, wovala nsapato zothamangira. Anabwera ndi mnyamata wonyamula chikwama.

Chun-hao anali atavala tayi. Anawalandira, n'kupepesa kuti Aphunzitsi sali bwino, n'kuwatsogolera ku makina oyezera.

"Amene wajambula ndi uyu?" anafunsa Mayi Hsieh. "Wa chaka choyamba? Chabwino. Tiye, tione."

Pei-shan anatsegula kabotolo. Anatenga kasefa ndi kapani, n'kukaika pamalo pake. Anatsitsa tisingano. Chulu chinakwera pakati pa mizere yofiira, chosalala, chokongola.

Mnyamata wachikwama uja anaimba mluzu. Mayi Hsieh anasendera pafupi. Anavala magalasi, n'kuyang'anitsitsa phazi la kumanzere la chulucho.

"Takatenthetsa."

Pei-shan anayatsa kambale kotenthetsera. Kasefa kanatentha ngati foni yosiyidwa padzuwa. Chulu chinagwedezeka pang'ono, koma sichinadutse mzere.

Mayi Hsieh anavula magalasi, n'kukhala pa mpando wa Pei-shan ngati kwawo.

"Mtsikana iwe, ine ndinayamba ngati iwe, pa makina ngati omwewa, ndiye ndikuyankhula ngati mkulu wako. Kasefa aka n'kabwino kuposa kalikonse kamene ndaona chaka chino. Tsono ndikufunsa funso limodzi, ndipo sindifunsa kawiri. Usanayankhe, umvetse izi. Ukandiuza lero kuti pali vuto, sindikwiya. Tikhala pansi, tiona chochita, mwina tikupatsani nthawi ina. Vuto la lero limathera patebulo. Koma ndikachoka pano ndi mawu akuti zonse zili bwino, ine ndikaimitsa anthu ena amene akutipangira tisefa. Ndikauza akuluakulu anga kuti tapeza. Anthu anga akasintha zojambula zawo zonse kuti zigwirizane ndi kako. Vuto likadzatulukira pamenepo, silidzakhalanso lako wekha. Lidzagwera anthu amene sunawaonepo, ndipo labu ino sidzalandiranso foni yathu. Wamva?"

"Ndamva, Mayi."

"Tina timene tinapsa ndi kameneka, tili chimodzimodzi?"

Kabati mmene munali kabokosi kaja inali kuseri kwa Mayi Hsieh, pafupi moti akanangotambasula dzanja.

Anayang'ana Chun-hao. Mnyamatayo anali akukonza tayi, maso ali kudenga.

Akanena zoona tsopano, Mayi Hsieh akanaimbira Aphunzitsi, ndipo Aphunzitsi akanadziwa kuti dzulo anawanamiza ali chiweramire.

"Tili chimodzimodzi, Mayi."

Mayi Hsieh anamuyang'ana kanthawi, kenaka anamwetulira koyamba chifikireni.

"Basi. Zikomo."

Chun-hao anaomba m'manja.

"Mayi, ndinene poyera kuti ulemu upite kwa mwini wake. Ntchito yonseyi ndi ya Pei-shan. Kujambula ndi iye, kuwotcha ndi iye, kuyeza ndi iye yekha. Ine sindinakhudzeko n'komwe. Ndangoona lero limodzi ndi inu."

"Ndiwe mkulu wabwino," anatero Mayi Hsieh. "Ambiri amalanda ntchito za ang'ono awo." Anatembenukira kwa Pei-shan. "Tchuthi chikubwerachi ubwere ku Hsinchu, udzagwire nafe. Atsikana pa ntchito ino tilipo ochepa, sindifuna akutenge ena."

Pei-shan anawerama n'kuthokoza.

"Kamango," anatero Chun-hao, "alendo sangabwerere chimanjamanja. Thamangira ku sitolo ya pakona ija, ukagule makeke a chinanazi mabokosi awiri. Uwauze akulunge bwino."

Umenewo unali mwambo wa labu, ndipo wotumidwa ankakhala wamng'ono. Pei-shan anavula chovala choyera n'kutuluka, akuthokoza mumtima kuti apumako mpweya wapanja.

5. Kabati

Ku sitolo kunali mzere wautali. Pamene ankabwerera ndi makeke, galimoto yoperekeza alendo ku siteshoni ya sitima inali itachoka pabwalo.

Anakwera masitepe mothamanga. Mu labu anapeza Chun-hao yekha, atamasula tayi, atakhala patebulo. Chitseko cha kabati chinali chotsegula.

Kabokosi kaja munalibe.

"Achimwene, tisefa tija tili kuti?"

"Tapita."

"Tapita kuti?"

"Ku Hsinchu. Utangotuluka, mayi uja anaimbira Aphunzitsi kuti awayamikire. Anaika foni patebulopa, tonse tikumva. Ndiye anapempha kuti atengeko tingapo akayesere m'zipangizo zawo sabata yomwe ino. Aphunzitsi amvekere, tingapo chifukwa chiyani? Tengani tonse, mwana wanga wayeza kalikonse ndipo wanditsimikizira yekha."

Mabokosi a makeke anamugwa Pei-shan m'manja.

"Ndiye inu munawapatsa?"

"Ndikanatani? Ndikanati Aphunzitsi akunama?"

"Munati padzapita miyezi! Munati tidzakonza!"

"Ndimadziwa bwanji kuti mayi ameneyu ndi wothamanga chonchi? Usandikalipire, si ine ndinajambula mizere yothithikanayo."

Pei-shan anamuyang'ana. Mawu aja a kuyamikira anamubwerera m'makutu, ndipo tsopano anawamva bwino.

"N'chifukwa chake munanena kuti simunakhudzeko."

Chun-hao anatsika patebulo. Nkhope yake inali yotuwa, ndipo sanamuyang'ane m'maso.

"Amene anapita kwa Aphunzitsi dzulo ndani? Amene wayankha Mayi Hsieh lero ndani? Ine ndanenapo chiyani pamaso pa anthu? Tandiuza liwu limodzi."



"Koma usachite mantha," anapitiriza mofulumira. "Njira ilipo. Akakayeza tisefato n'kupeza kuti chulu chasuntha, tidzati atiwononga okha pomatirira, kapena makina awo ndi osiyana ndi athu. Zimachitika. Mnyamata wachikwama uja ndiye akamatirire, adzamukalipira pang'ono basi. Ife tingogwirizana chimodzi. Iwe ukhale chete, ine ndikhale chete."

"Ndiye mlandu ugwere munthu wosalakwa?"

"Ugwere ndani nanga? Iwe? Ukudziwa chimene sukulu imachita ndi wophunzira wonama pa zoyeza? Amamuchotsa, ndipo nkhani imafika ku masukulu onse. Ukabwerera ku Yujing kukakulunga mango m'mapepala moyo wako wonse."

Pei-shan anatola makiyi a njinga patebulo.

"Akwera sitima iti?"

"Ukufunsiranji?"

"Achimwene, akwera sitima iti?"

"Yothamanga ija, ya masana ano. Iwe, ukupita kuti? Pei-shan!"

Anatsika masitepe awiriawiri. Panja dzuwa linali likuswa mtengo, ndipo mpando wa njinga unkatentha. Siteshoni ya sitima yothamanga inali kunja kwa mzinda, koma galimoto imachedwa pa maloboti, pamene njinga imadutsa m'mbali. Akanyamuka pomwepo, mwina akanawapeza asanakwere.

Analiza injini. Asanasunthe, Chun-hao anafika akupuma wefuwefu, n'kuima kutsogolo kwa njingayo, n'kugwira chiwongolero ndi manja onse awiri.

"Taganiza kaye. Ukakawauza, mayi uja aimbira Aphunzitsi nthawi yomweyo. Diso lija likafa, udzawayang'ana bwanji akazi awo? Sundiphera ine ndekha. Uwapheranso iwo."

"Chokani, Achimwene."

"Sindichoka."

Ophunzira ena amene ankapita kukadya anayamba kuima n'kumaonerera. Chun-hao sanasiye chiwongolero. Pei-shan sanazimitse injini.

Pomwepo foni inalira m'thumba mwake. Anaitulutsa ndi dzanja limodzi. Anali bambo ake. Anaiyankha mosaganiza, ndipo mawu awo anamveka mokweza, osangalala, moti ngakhale Chun-hao anawamva.

"Mwana wanga! Aphunzitsi ako angondiimbira kumene. Mayi ako akulira ndi chimwemwe kuno, auza kale mudzi wonse. Tatseka kumunda, takwera galimoto ya amalume ako. Tikubwera konko, tikufuna tikathokoze Aphunzitsi kunyumba kwawo, iwe uli pomwepo. Uli kuti?"

Pei-shan anayang'ana msewu wopita ku siteshoni, n'kuyang'ana manja a Chun-hao pa chiwongolero.

"Halo? Pei-shan? Ukundimva? Ndati uli kuti?"